Phale Lozulidwa Pakhoma

A Dokotala Tranter, mkulu wa gulu lathu lokumba zinthu zakale, anakwera chitunda akuthamanga, foni ili m'manja, ndipo asanafike n'komwe pa tenti anali atayamba kale kulankhula. Munthu wa zaka makumi asanu wa mimba ngati yawoyo sathamanga popanda chifukwa. Atapeza mpweya anatiuza kuti a wailesi avomera kubwera Loweruka masana, komanso mphunzitsi wawo wakale wa ku yunivesite, nkhalamba yomwe inawaseka pamaso pa anthu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, yati ibwera kudzadzionera yokha.

Tonse tinaomba m'manja kupatula a Gwenda Pryce. Iwo anangoyang'ana m'kapu yawo, tiyi mpaka kuzizira.

Malo amene tinkakumbawo ife kuno timangoti ku Linga. Ndi mtumbira waukulu wa dothi wozungulira pamwamba pa phiri, kunja kwake kuli ngalande yokwiririka, ndipo zonsezo zili m'busa la nkhosa la a Emrys Bufton. Zoti m'kati mwa lingalo munkakhala anthu pa nthawi ya ulamuliro wa Aroma palibe ankatsutsa, pakuti mapale awo ndi misomali yawo tinkazitola chaka chilichonse. Mkangano unali pa amene anakumba ngalandeyo. Mabuku onse ankati inakumbidwa kalekale Aroma asanaponde dziko lino. A Tranter okha ndi amene ankati ayi, inakumbidwa Aroma atafika kale, ndipo pa mfundo imeneyi anataya zaka zisanu ndi ziwiri ndi tsitsi lonse la pankhongo.

Ngalande yakale sikwiririka tsiku limodzi. Dothi limagweramo pang'onopang'ono n'kumasanjikizana mizeremizere, ndipo wokumba amachotsa mzere umodziumodzi, zopezeka mu mzere uliwonse n'kuziika m'thireyi yakeyake yokhala ndi nambala. Chimene chagona pansi penipeni ndicho chinagweramo ngalande ikadali yatsopano. Tsono Lachiwiri m'mawa a Beryl Gittins, omwe ntchito yawo inali kutsuka zokumbidwa ndi kulemba timapepala, anapeza phale lofiira lonyezimira m'thireyi ya mzere wapansi penipeni. Linali la mbale ya Aroma, losakayikitsa. A Tranter ataliona anakhala pansi pa udzu wonyowa, n'kulira ngati mwana, ife tonse tikuona.

Mzere wapansiwo anaukumba ndi a Gwenda. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, amene moyo wawo wonse anagawa makalata m'midzi ya m'chigwa, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri chilimwe chilichonse ankadzakumba mongodzipereka. Alendo onse ankawapereka kwa iwo kuti awaphunzitse, ndipo lamulo loyamba limene ankawauza, chala chili m'mwamba, linali lakuti chinthu chosuzumira pakhoma la dzenje sazula. Umachisiya pomwepo, uitane anthu, achijambule, achiyeze, chifukwa ukachizula palibenso angadziwe mzere umene chinali. Pali ana a sukulu amene a Gwenda anawaliza chifukwa cha lamulo limeneli.

Lachitatu, uthenga wa a wailesi uja utamveka ndipo anthu atabwerera ku ntchito, a Gwenda anatsalira m'tenti, n'kukhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi a Beryl. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo a Beryl sanachite kufunsa kawiri.

"Iwe, nkhope imeneyo ndinaionapo tsiku limene unagwetsera thumba la makalata mumtsinje. Walakwanso chiyani?"

"Phale lija ndinachita kuzula pakhoma," anatero a Gwenda.

A Beryl anasiya mswachi m'beseni. A Gwenda anafotokoza zonse, maso ali pansi. Lolemba madzulo mvula inayamba mwadzidzidzi iwo ali okha m'ngalande. Akukwera makwerero, thireyi kudzanja limodzi, anaona kanthu kofiira kakusuzumira pakhoma, madzi akuyenderera pomwepo, dothi likusungunuka. Anaopa kuti kagwera m'matope n'kutayika. Dzanja linapita lokha, kanthu kaja n'kulowa m'thumba la jekete. Atafika m'tenti akunjenjemera ndi kuzizira, anakhuthula thumba lonse m'thireyi imene anali nayo, osaganiza n'komwe. M'mawa mwake anapeza kuti mbali ija ya khoma yagumuka ndi mvula.

A Beryl anafunsa kuti anali pa sitepe yachingati ya makwerero. A Gwenda anati kwa masiku awiri akhala akudzifunsa funso lomwelo. Nthawi zina ankadziona ali pa sitepe yoyamba, dzanja likutsika kufupi ndi bondo, ndipo zikatero ndiye kuti phalelo linalidi la pansi. Nthawi zina ankadziona ali pa yachinayi, ndipo pamenepo linali la mzere wapakati, m'mene mapale a Aroma ali mbwee ndipo satanthauza kanthu.

"Ndani anakuona?" anafunsa a Beryl motsitsa mawu.

"Palibe."

"Ndiye bwanji osangotseka pakamwa? Munthu uja waitana kale dziko lonse. Ukufuna kumupha?"

"Ndatseka masiku awiri, mnzanga. Chakudya sichikutsika."

A Beryl anapukuta manja pa epuloni, n'kunena kuti iwo sanamve kanthu ndipo sanena kanthu, koma ngati a Gwenda akupita kukadziponya m'moto, awaperekeza mpaka pakhomo.

A Gwenda anakapeza a Tranter m'mphepete mwa ngalande akuuza wophunzira wina malo oti a wailesi adzaime. A Gwenda anawapempha kuti apite pambali, n'kunena nkhani yonse mosazungulira. A Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ikusintha pang'onopang'ono. Tikanakonda akanakalipa, chifukwa kukalipa kwawo tinakuzolowera ndipo sikunkachedwa kutha. Koma analankhula mofatsa kwambiri, ndipo dzina loti a Gwenda analisiya.

"Mayi Pryce, inuyo? Akanakhala wophunzira wa chaka choyamba ndikanamva. Inuyo?"

"Ineyo, a Dokotala."

"Mukudziwa chimene mwachita? Phale limodzi lokhalo m'zaka zisanu ndi ziwiri, mwalisandutsa chinyalala."

"Ndikudziwa. Ndipatseni mita imodzi."

A Tranter sanamve msanga. A Gwenda analoza khoma la ngalande mbali ya kumpoto n'kunena kuti akufuna kudula chigawo china, mita imodzi m'lifupi, kuyambira pa udzu mpaka pa mwala wapansi. Ngati mzere wapansi unali ndi phale limodzi la Aroma, mwina uli ndi linzake, ndipo limenelo lidzapezeka pamalo pake anthu akuona. A Dokotala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Chigawo choyamba chinatenga milungu itatu, tsopano linali Lachitatu masana, ndipo Loweruka 4 koloko a Bufton ankayenera kukwirira dzenje lonse. Anati achite zimene akufuna, n'kutembenuka kupita kukakhala m'galimoto yawo, mawindo atatseka.

A Gwenda anatsika phiri kukafuna a Bufton. Anawapeza m'khola akudula zikhadabo za nkhosa yamphongo, ataikhazika chamatako pakati pa miyendo yawo. Anawapempha masiku atatu owonjezera. A Bufton sanadzutse n'komwe mutu. Anati nkhosa zazikazi zikwera ku Linga Lamlungu m'mawa pamodzi ndi zamphongo, ndipo akachedwetsa sabata ino ndiye kuti ana adzabadwa mochedwa, msika utadzaza kale ndi ana a nkhosa za anthu ena. Anawonjezeranso kuti nkhosa yawo ikathyoka mwendo m'dzenje, Aroma sadzabwera kudzaipepesa.

"Iwe Emrys, ndinakubweretsera makalata zaka makumi atatu, galu wako akundiluma akakolo."

"Galu uja anafa, achemwali, mlandu wake unathera pomwepo. Tsiku sindisuntha."

Koma a Gwenda sanachoke pakhomo la khola. Anaima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka a Bufton anamaliza nkhosa ija ndi ina yachiwiri. Kenako mwini khola anausa moyo n'kunena kuti chimene angachite n'kubwera ndi katapila wawo madzulo omwewo kudzachotsa udzu ndi dothi la pamwamba lolimidwa, lomwe ngakhale a Dokotala sankalisefa. Zotsalazo azionere okha.

Lachinayi a Gwenda anafika dzuwa likungotuluka. Anakhoma misomali, kumanga chingwe, n'kuyamba ndi piki. Palibe anawauza anthu ena kuti athandize, ndipo kunena zoona ambiri tinali ndi mkwiyo. Enafe anatichititsapo manyazi pa zolakwa zazing'ono kuposa zimenezi, ndiye kuwaona atagwa sikunatiwawe kwenikweni. Koma n'kovuta kukhala ukumwa tiyi mayi wa zaka zimenezo akukwera makwerero ndi ndowa ziwiri za dothi, kutsika, kukweranso. Pofika 10 koloko a Beryl anali atasiya beseni lawo n'kuima pa sefa, akudandaula za msana. Pofika masana tinali mzere wa anthu asanu ndi mmodzi tikupatsirana ndowa.

Kufulumira kwake kunali kwa manja, koma ntchito sanaidule. Mzere uliwonse anaupala ndi kachipande kawo kachitsulo mpaka mtundu wa dothi usinthe, aitane wojambula, alembe nambala yatsopano, kenako n'kupitiriza. Wina atanena kuti tingodumpha mizere yapamwamba popeza tikuidziwa kale, a Gwenda anamuyang'ana mpaka mwini wake anapepesa. Anati njira yachidule ndi imene yatifikitsa pano.

Mizere yapakati inatulutsa zambiri: mapale a Aroma ofiira ndi otuwa, msomali wopindika, mano a ng'ombe, mkanda umodzi wa galasi wobiriwira. Tsiku lina lililonse mkanda umenewo tikanaupatsirana m'manja n'kuugulira keke. Tsiku limeneli unangolowa m'kathumba, ntchito n'kupitirira.

A Tranter ankabwera kawiri pa tsiku kudzajambula mizere m'buku lawo, poti imeneyo inali ntchito yawo ndipo sakanaisiya. Ankaima pamwamba, ayeze, alembe, achoke. Kwa a Gwenda sankalankhula. Zofunika kuwauza ankauza a Beryl, a Beryl n'kufuulira m'dzenje ngati kuti a Gwenda sanamve okha. A Dokotala sanaimbire a wailesi ndi mphunzitsi uja kuti asabwere, ndipo tonse tinadziwa kuti mumtima akuyembekezabe.

Lachisanu kunagwa mvula yamvumbi tsiku lonse. Tinakoka lona pamwamba pa dzenje, koma madzi ankalowabe, ndipo dothi linasanduka phala lomata m'sefa. Matuza a m'manja mwa a Gwenda anaphulika, a Beryl n'kuwamanga ndi tepi yomatira mabokosi. Sangweji anadyera m'dzenje momwemo ataimirira, chifukwa anati akakhala pansi mawondo sadzavomeranso kudzuka. Cha m'ma 3 koloko anadutsa mzere wa miyala yogumuka kuchokera pa mtumbira, ndipo pansi pake mapale a Aroma anatha ngati wina watseka mpopi. Kunatsala dothi lotuwa, losalala, lofika m'bondo.

Loweruka m'mawa a Bufton anabwera ndi katapila wawo n'kumuimika pafupi ndi mulu wa dothi, kuti tisaiwale. Anatsika, kusuzumira m'dzenje, n'kufunsa ngati agogo a Aroma apezeka. Palibe anaseka. Kenako anavula jekete n'kulowa pamzere wa ndowa, akung'ung'udza kuti akutero kuti tichoke msanga m'busa mwawo.

Dothi lotuwalo a Gwenda analichotsa atagwada, pang'onopang'ono, ndi kachipande kokha. Ndowa iliyonse inasefedwa kawiri, kachiwiri ndi madzi. Kanthu kofiira kalikonse kakaoneka m'sefa mitima inkadumpha, koma nthawi zonse kankakhala kamwala. Itangokwana 1 koloko chitsulo chinalira pa mwala. A Gwenda anapala mwalawo kuchokera khoma ili mpaka khoma linalo, anakolokosa m'ming'alu monse, anasesa ndi burashi. Ndowa yomaliza inakwera, a Beryl anaisefa okha, n'kupukusa mutu.

Munalibe phale la Aroma. Munalibenso phale la anthu akale aja, ngakhale fupa kapena khala loti n'kutumiza kukayezetsa. Mzere wapansi unali wopanda kanthu, ndipo ntchito ya masiku atatu sinatsimikize za a Tranter kapena za m'mabuku. Umboni wokhawo unali phale lija la m'thumba la jekete.

Pamenepo n'kuti magalimoto awiri akuoneka kumunsi pa geti, wina akutsegula. A Tranter anayang'ana kumeneko, kenako anachita chimene sanachite chiyambire Lachitatu: anatsika makwerero. Ife tinasuntha pang'ono ngati tikukonza ndowa, koma dzenje limakweza mawu, ndipo tinamva zonse.

A Gwenda anali atakhala pa mwala, miyendo atatambasula, matope mpaka m'tsitsi. A Dokotala ananjuta patsogolo pawo, buku lili pabondo. Mkwiyo unali utawathera, ndipo zimene zinatsala pankhope pawo zinali zomvetsa chisoni kuposa mkwiyo.

"A Gwenda, mwagwira ntchito yoti sindinaionepo. Zija ndinalankhula zija mundikhululukire."

"Munanena zoona."

"Tamverani. Inu mwakumba zaka makumi awiri ndi ziwiri, diso lanu ndimalikhulupirira kuposa langa. Munanena nokha kuti mwina munali pa sitepe yoyamba. Taganizani bwinobwino. Mukati linali pansi, ine ndilemba kuti linali pansi, ndipo palibe adzafunsenso."

Sankawanyengerera kuti aname, ayi. Ankangopempha, monga munthu amene watsala ndi khomo limodzi loti agogode. Ndipo a Gwenda ankafunitsitsa kuwapatsa. Ankawakonda bamboyu, ndi phokoso lawo lonse. Ndi iwowa amene anawapatsa kachipande koyamba amuna awo atangomwalira, pamene m'nyumba munkawaluma. Mawu amodzi okha akanabweza zonse: zaka zisanu ndi ziwiri za a Dokotala, ulemu wa a Gwenda eni ake, ngakhale matuza a m'manjawo akanakhala ndi phindu. Komanso mwina akanakhala mawu oona.

A Gwenda anadzuka movutikira, n'kupita pa makwerero. Anaponda sitepe yoyamba, kutambasula dzanja kukhoma, kutseka maso. Anakwera yachinayi, kutambasulanso. Anakhala pamenepo nthawi yaitali ndithu, mpaka tinayamba kumva mawu a alendo akukwera chitunda. Kenako anatsika.

"Sindikudziwa, a Dokotala."

"Ngakhale pang'ono?"

"Mtima ukufuna kuti ndinene kuti pansi. N'chifukwa chake sindikuukhulupirira. Sindikudziwa."

A Tranter anatsegula buku, kupeza tsamba la Lachiwiri, n'kudula mzere umodzi pa nambala imene inali pambali pa phale lija. Anapereka pensulo kwa a Gwenda kuti alembe okha m'mphepete zimene zinachitika, ndi dzina lawo pansi, popeza ndi mmene timachitira. A Gwenda analemba, zilembo zikupita uku ndi uku chifukwa cha tepi ya m'zala, koma sanasiye liwu ndi limodzi lomwe.

Pamwamba, mtsikana wa ku wailesi anali atayatsa kale makina ake, ndipo nkhalamba ya ku yunivesite inali itatsamira ndodo, ikuyang'ana m'dzenje ndi kamseko kake kaja. A Tranter anakwera, anapukuta manja pa buluku, n'kuwauza kuti anawaitana kudzaona umboni woti ngalandeyi inakumbidwa nthawi ya Aroma, koma umboniwo palibe. Anati phale lilipo, koma malo ake sakudziwika, ndipo iwo anafulumira kulengeza. Dzina la a Gwenda sanalitchule. Mtsikana uja anafunsa kuti ndiye mwapeza chiyani m'zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo a Dokotala anayankha mafunso onse mpaka kumapeto, makutu ali psuu. Kamseko ka nkhalamba ija kanali katachoka.

A Gwenda sanakwere kukamvera. Anatsala pansi akusalaza khoma latsopanolo kuti chithunzi chomaliza chituluke bwino, mzere uliwonse uoneke pawokha. A Beryl anawaitana katatu kuti tiyi wapsa, iwo akusalazabe khoma.

Itakwana 4 koloko a Bufton analiza injini. A Gwenda anatuluka omaliza, anakoka makwerero, n'kuthandiza kuyala nsalu yakuda pansi pa dzenje kuti odzakumba m'tsogolo adzadziwe pamene ife tinalekezera. Atatha anapita kukaima pambali pa a Tranter, omwe anali okha kumapeto kwa mulu wa dothi. Sanayang'anane.

"Ngalandeyi yazungulira phiri lonse," anatero a Gwenda. "Ife takumba mamita atatu okha."

"Sindikudziwa ngati a ku yunivesite adzandilolenso kubwera kuno, pambuyo pa lero."

"Kapempheni. Akakana mukapemphenso. Za a Emrys ndi nkhosa zawo mundisiyire ine."

Katapila anatsitsa chidebe choyamba, dothi linagwera pa nsalu yophimba mwala umene a Gwenda anasesa ndi burashi, ndipo awiriwo anaimabe pomwepo mpaka dzenje lonse linadzaza.